Wobwerera ku masewera a m'mlengalenga apeza dziko litasintha

CHIPATA – Munthu amene analeka kusewera gemu ya pakompyuta ya maulendo a m'mlengalenga pa nthawi ya kuzima-zima kwa magetsi mu 2024, ndipo tsopano afuna kuyambanso, sadzapeza zinthu monga mmene anazisiyira. Nkhondo imene anaisiya ili mkati inatha kale, malamulo ena anasinthidwa, zombo zatsopano zinabwera, ndipo n'kutheka kuti ngongole yakhala ikukula pa dzina lake iye osadziwa.

Cifukwa cake n'cakuti dziko la magemu a mtundu uwu silikhala m'kompyuta ya wosewera. Limakhala m'makompyuta akulu-akulu a kampani imene inapanga gemuyo, ochedwa maseva, ndipo makompyuta amenewo sazima pamene magetsi azima ku Kapata, ku Mchini kapena ku Kalongwezi. Nthawi imapitabe, malonda amacitikabe, ndipo osewera a m'maiko ena amapitiriza kusintha zinthu usana ndi usiku.

Motero wobwerera ali ngati mlimi amene munda wake unagona kwa zaka ziwiri. Malire a munda amawadziwa, koma asanagwire khasu ayenera kuyamba wauzungulira kuti aone pamene pamera thengo ndi pamene madzi anakokolola nthaka.

Masewera oyerekezera zeni-zeni

Mu mzinda wa Chipata, monganso m'matauni ena a m'Zambia, magemu odziwika kwambiri ndi a mpira, amene anyamata amasewera awiri-awiri pa PlayStation m'timashopu ta m'makomboni. Magemu a m'mlengalenga ndi a anthu ocepa, cifukwa amafuna kompyuta yamphamvu, intaneti yodalirika ndiponso kuleza mtima. Gemu ya mpira imatha m'mphindi zowerengeka, pamene ulendo umodzi wa m'mlengalenga ungatenge milungu kapena miyezi.

Magemu amenewa amachedwa oyerekezera cifukwa amatsanzira mmene zinthu zimayendera kweni-kweni. Woyendetsa combo ayenera kuyang'anira mafuta, kutentha kwa injini, kulemera kwa katundu ndi mphamvu imene pulaneti imakokera nayo zinthu pansi. Akalakwitsa, combo cimaonongeka ndipo amataya cuma cimene anacisonkhanitsa kwa nthawi yaitali.

Nzeru yoyerekezera ulendo wa kuthambo si yacilendo m'dziko lino. Mu 1964, caka cimene Zambia inalandira ufulu wodzilamulira, a Edward Makuka Nkoloso, amene anali mphunzitsi, anachuka m'manyuzipepala a kunja cifukwa cokonzekeretsa acinyamata ulendo wa ku mwezi pa malo ena pafupi ndi Lusaka. Anali kuwalowetsa mu mgolo n'kuugubuduza pa citunda, kuti thupi lizolowere kugwedezeka kwa pa ulendo wotero. Cimene a Nkoloso anali kuyesa ndi mgolo, lero cimacitika ndi kompyuta.

Imodzi mwa magemu ochuka a mtundu uwu ndi Elite Dangerous, imene kampani ya Frontier Developments ya ku Cambridge m'dziko la Britain inatulutsa pa 16 December 2014. Kholo lake ndi gemu yochedwa Elite, imene a David Braben ndi a Ian Bell anapanga mu 1984.

Mu Elite Dangerous muli cifaniziro ca mlalang'amba wathu wonse pa ukulu wake weni-weni, comwe cili ndi magulu a nyenyezi pafupi-fupi mabiliyoni 400. Pafupi-fupi 150,000 mwa magulu amenewa anatengedwa m'zolemba za akatswiri a zakuthambo, ndipo otsalawo anapangidwa ndi kompyuta potsatira malamulo a sayansi. Osewera akhala akufufuza kwa zaka zoposa khumi, koma malo amene afikako sanakwane ngakhale 1 peresenti.

Kalendala ya m'gemuyi ili patsogolo ndi zaka 1,286, kotero kuti caka ca 2014 cinali 3300 m'nkhani yake. Koma masiku amayenda mofanana. Tsiku limodzi likapita ku Chipata, lapitanso m'gemu, kaya wosewera wayatsa kompyuta kapena ai.

Cimene cinadula ulendo

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndi m'madamu ena, pa nthawi imene magetsi oposa 80 peresenti a dziko lino anali kucokera ku mphamvu ya madzi.

Kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi kwa maola 8 pa tsiku mu March, ndipo pofika mu September maola a mdima anafika 21 pa tsiku m'madera ambiri. Maola ocepa otsalawo anali ochajira mafoni, kutunga madzi, kusita zobvala ndi kugwira nchito zobweretsa cakudya pakhomo. Intaneti nayo inali kudula-dula, popeza nsanja za mafoni zimadaliranso magetsi.

Kwa wosewera Elite Dangerous, ili linali bvuto lalikulu, cifukwa gemuyi siiyenda popanda intaneti. Munthu angasankhe kusewera pagulu ndi anthu onse, kapena ndi anzake ocepa, kapena yekha, koma njira zonse zitatuzi zimafuna kulumikizana ndi maseva nthawi yonse. Ngakhale wosewera yekha amagula ndi kugulitsa pa mitengo imene ikusinthidwa ndi zocita za anthu ena.

Magetsi si cifukwa cokha cimene munthu amalekera. Ena amaleka cifukwa ca mayeso a Giredi 12 kapena a ku koleji, ena cifukwa ca nchito yatsopano, banja, nyengo ya ulimi kapena kuonongeka kwa kompyuta. Cifukwa cingakhale ciliconse, koma zimene wobwerera amakumana nazo n'zofanana.

Zimene zinacitika iye kulibe

Miyezi imene magetsi anabvuta kwambiri m'Zambia ndiyo imenenso gemuyi inasintha kwambiri.

Kuyambira mu November 2022, nkhani yaikulu ya m'gemu inali nkhondo ya pakati pa anthu ndi zamoyo zacilendo zochedwa Thargoid, zimene zinabwera ndi zombo zisanu ndi zitatu zazikulu kwambiri zochedwa Titan. Coyamba mwa zombozi, cochedwa Taranis, cinagonjetsedwa mu March 2024. Comaliza, cochedwa Cocijo, cinafika pafupi ndi dziko lapansi leni-leni la m'gemu, ndipo osewera anacigonjetsa mu December 2024. Nkhondoyi inacitika kamodzi kokha kwa osewera onse, ndipo amene anaiphonya sangaibwereze.

Mu April 2024 kunabwera injini ya mtundu watsopano, imene imathamangitsa combo kwambiri pakati pa mapulaneti a nyenyezi imodzi. Kale, ulendo wopita ku siteshoni ya Hutton Orbital, m'gulu la nyenyezi la Alpha Centauri, unali kutenga pafupi-fupi ola limodzi ndi theka munthu ali cikhalire pa mpando. Injini yatsopanoyi imafupikitsa maulendo otere, koma imamwa mafuta ambiri ndipo imatenthetsa zombo zakale.

Mu May 2024 kunatuluka combo cochedwa Python Mk II, coyamba catsopano ciyambire 2018. Pambuyo pake kunabwera Type-8 mu August, Mandalay mu October ndi Cobra Mk V mu December. Mu August momwemo kampani inapeputsa nchito yosonkhanitsa zipangizo zokonzera zombo, imene osewera ambiri anali kuidandaula kuti imadya nthawi.

Pa 31 October 2024, malamulo a ndale za m'gemu, ochedwa Powerplay, analembedwanso mwatsopano. Ndipo mu February 2025 osewera anapatsidwa mwai wotenga magulu a nyenyezi opanda anthu n'kumangamo masiteshoni ao. Mapu a dera lokhalamo anthu, amene anali osasintha kweni-kweni kwa zaka zambiri, anayamba kufutukuka.

Amene analeka kale kwambiri ali ndi zinanso zofunika kudziwa. Mu May 2021 kunatuluka gawo logulitsidwa palokha lochedwa Odyssey, limene limalola wosewera kutsika m'combo n'kuyenda wapansi pa mapulaneti. Mu March 2022 kampani inalengeza kuti yaleka kupanga zatsopano za PlayStation ndi Xbox. Kenaka mu November 2022 gemu inagawidwa pawiri: mbali yochedwa Live, imene imalandira zatsopano, ndi mbali yochedwa Legacy, imene inatsala monga inalili. Zimene munthu wapindula ku mbali imodzi sizipita ku inzake.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa amene anali kusewera pa PlayStation 4. Iwo akayatsanso makina ao adzalowa ku Legacy, ndipo zombo zatsopano ndi malamulo atsopano sadzaziona. Zonsezi zili pa kompyuta cabe.

Cuma cimene cili pangozi

Cuma cambiri ca m'gemu sicitayika munthu akapumula. Ndalama za m'gemu, zochedwa makirediti, zimakhalabe, ndipo zombo zimene anaziimika pa siteshoni amazipeza pomwepo. Koma pali zinthu zinai zimene wobwerera ayenera kuziyang'ana asananyamuke.

Coyamba ndi combo cacikulu conyamula zombo zina, cochedwa Fleet Carrier, cimene cinabwera mu June 2020. Mtengo wake ndi makirediti mabiliyoni 5, ndipo mwini wake amalipira makirediti osacepera mamiliyoni 5 mlungu uliwonse kuti cizigwira nchito. Malipirowa amacotsedwa ngakhale mwini asasewere. Pa caka cimodzi amakwana mamiliyoni 260, osawerengera za nchito zina zimene anaikamo. Ndalama zikatha m'thumba la comboco, ngongole imayamba, ndipo ikapitirira malire combo cimalandidwa. Mwini amabwezeredwa ndalama atacotsako ngongoleyo, koma malo ake ogwirira nchito amakhala atapita.

Caciwiri ndi zolemba za ofufuza. Wosewera amene amapita kutali kukaona nyenyezi zimene wina aliyense sanafikeko amasunga zimene wapeza m'combo cake, ndipo amalandira malipiro pokha-pokha akakazigulitsa pa siteshoni. Dzina lake limalembedwanso pa nyenyeziyo monga woyamba kuipeza pa nthawi yogulitsayo. Ngati analeka kusewera ali kutali asanagulitse, wina angakhale atafikako, n'kugulitsa, n'kulembetsa dzina lake. Coopsa koposa n'cakuti combo cikaphwanyika asanafike pa siteshoni, zolemba zonse zimatayika, ngakhale zikhale za miyezi isanu ndi umodzi.

Cacitatu ndi nchito zokhala ndi tsiku lomalizira. Wosewera akabvomera kunyamula katundu wa ena n'kulephera kumufikitsa pa nthawi yake, amapatsidwa cindapusa ndipo mbiri yake imatsika pakati pa amene anamutuma. Nayenso amene atenga gulu la nyenyezi latsopano amapatsidwa milungu inai kuti amalize siteshoni yoyamba, apo ai malowo amalandidwa. Munthu amene sadziwa kuti magetsi adzakhalapo maola angati mawa ayenera kuganiza kawiri asanayambe nchito yotere.

Cacinai ndi inshuwalansi. Combo cikaonongeka, mwini amacipezanso akalipira 5 peresenti ya mtengo wake. Amene alibe ndalama zimenezo, ngakhale atabwereka zocepa zimene gemu imalola, amataya comboco n'kubwerera ku kacombo koyambira kochedwa Sidewinder. N'cifukwa cake lamulo lakale la osewera limati munthu asaulutse combo cimene sangathe kuciombola.

Zotere sizicitika mu Elite Dangerous mokha. Mu EVE Online, gemu imene inapangidwa ndi kampani ya CCP ya ku Iceland ndipo inayamba mu May 2003, malamulo anasinthidwa mu May 2020 kotero kuti masiteshoni a osewera amene anakhala opanda mafuta anataya citetezo ca katundu wosungidwamo. Adani anawagumula n'kutenga cuma ca anthu amene anali atapumula kwa zaka. M'gemu yomweyo, nkhondo yaikulu ya mu January 2014 pa malo ochedwa B-R5RB inabuka cifukwa ca bilu imodzi imene sinalipiridwe pa nthawi yake. Inatenga maola 21, ndipo zombo zimene zinaonongeka zinayerekezeredwa kuti zinali za ndalama pafupi-fupi madola 300,000 a ku America.

Manja amaiwala

Ngozi yaikulu kwa wobwerera si adani ai, koma manja ake omwe. Kuyendetsa combo mu Elite Dangerous kumafuna mabatani ambiri: lotulutsa miyendo yoterera, lotsegula pakhomo pa katundu, logawa mphamvu pakati pa injini, zida ndi cishango, ndi ena otero. Pakapita caka, mutu umakumbukira kuti batani lilipo, koma cala sicidziwa pamene lili. Nthawi zina gemu ikakonzedwanso, mabatani amene munthu anadzisankhira amabwerera mwakale.

Kutera pa siteshoni ndi pamene ambiri amapunthwa. Woyendetsa ayenera kupempha cilolezo akafika pa mtunda wosapitirira makilomita 7.5, kulowa pa khomo lopapatiza, ndi kutera pa malo amene wapatsidwa nthawi isanathe. Amene alowa popanda cilolezo, kapena acedwa pakhomo, siteshoni imamuombera.

Mafuta nao amaiwalika. Combo cokhala ndi cipangizo coyenera cimatunga mafuta ku nyenyezi, koma osati nyenyezi iliyonse. Zopatsa mafuta ndi za mitundu isanu ndi iwiri imene akatswiri a zakuthambo amaichula ndi zilembo O, B, A, F, G, K ndi M, malinga ndi kutentha kwake. Dzuwa lathu ndi la mtundu wa G. Woiwala izi angapezeke ali pakati pa nyenyezi zosapatsa mafuta, thanki ili gwa. Kuyambira mu 2015 pali gulu la osewera odzipereka lochedwa Fuel Rats, limene limapita kukapulumutsa anthu otere kwaulere.

Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Njira yabwino ndiyo kuyamba ndi maphunziro oyeserera amene ali m'gemu momwemo, kumene combo cingaphwanyike popanda kutaya kanthu. Akatero, wobwerera atenge combo cochipa, asewere yekha kwa masiku angapo, ndipo combo cake codula acisiye pa siteshoni kufikira manja atakumbukira. Kuyambira mu April 2019 muli zipangizo zimene zimateretsa ndi kunyamutsa combo pazokha, ndipo kuzigwiritsa nchito pa masiku oyamba si camanyazi.

Amene anasiya combo cake kutali ndi zolemba zosagulitsa asafulumire kutera pa pulaneti iliyonse. Ayambe waona mphamvu yokoka ya pulanetiyo, cifukwa mapulaneti ena amakoka kuwirikiza kangapo kuposa dziko lapansi. Cofunika coyamba ndico kufika pa siteshoni yapafupi n'kugulitsa.

Ndalama zeni-zeni

Kubwerera kulinso ndi mtengo wa makwacha eni-eni. Gemu imene yakhala caka kapena ziwiri osatsegulidwa imayamba yakopera zatsopano zonse isanalole munthu kulowa, ndipo zokoperazo zingakwane magigabaiti makumi angapo. Amene amadalira mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel ayenera kuona ukulu wa zokoperazo asanayambe, ndi kusankha nthawi imene magetsi ndi intaneti zingakhale kufikira atamaliza. Kusewera kweni-kweniko sikudya bandulo yambiri poyerekeza ndi kukopera.

Mu October 2023 intaneti ya setilaiti ya Starlink inayamba kugwira nchito m'Zambia, zimene zinaonjezera njira zolumikizirana maka-maka kumadera a kunja kwa tauni. Koma nayonso imafuna magetsi.

Kompyuta imene yakhala nthawi yaitali osayatsidwa imafunika kuipukuta mkati. Fumbi la m'cilimwe limatseka mafani, ndipo gemu yolemera imatenthetsa makina msanga. Laputopu ili ndi ubwino wa batire, pamene kompyuta ya pa tebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akapita, pokha-pokha ngati pali inveta kapena batire lothandizira.

Elite Dangerous ilibe malipiro a pamwezi. Koma ili ndi ndalama ina yochedwa ARX, imene yocepa imapezeka posewera ndipo yambiri imagulidwa ndi ndalama zeni-zeni. Zombo zatsopano za mu 2024 zinayamba kugulitsidwa ndi ARX, ndipo patapita miyezi ingapo zinayamba kupezekanso ndi makirediti a m'gemu kwa amene ali ndi Odyssey. Wobwerera amene aona anzake ali ndi zombo zatsopano asathamangire khadi la ku banki. Ayambe waona ngati comboco cikugulidwa kale ndi makirediti.

EVE Online ili ndi mbali yaulere kuyambira mu November 2016, ndiponso mbali yolipira pamwezi. Amene anali kulipira ndi khadi aone ngati malipirowo sanapitirize kucotsedwa pa nthawi imene sanali kusewera.

Cinanso ndi akaunti. Anthu ambiri anatenga Elite Dangerous kwaulere pamene sitolo ya pa intaneti ya Epic Games inaigawa kwa mlungu umodzi mu November 2020, pamene ena anaigula pa Steam. Wobwerera ayenera kukumbukira kumene anaitenga ndi imelo imene anagwiritsa nchito. Akalowa, asinthe mau acinsinsi, maka-maka ngati anali kusewerera pa kompyuta ya mnzake kapena ya m'shopu. Kugula akaunti kapena makirediti kwa anthu a pa intaneti n'koletsedwa ndi malamulo a makampaniwa, ndipo wogula angataye ndalama pamodzi ndi akaunti.

Kupima nthawi

Wobwerera kawiri-kawiri amamva ngati watsalira, ndipo amafuna kubwezera m'mwezi umodzi zimene anzake anacita m'zaka ziwiri. Apa ndi pamene tulo, maphunziro ndi nchito zimayamba kuonongeka.

Mu May 2019 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linabvomereza kuika bvuto la kusewera magemu mopitirira muyezo mu mndandanda wa matenda wochedwa ICD-11, umene unayamba kugwira nchito mu January 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zofunika zina za moyo, ndi kupitirizabe ngakhale mabvuto aonekere, kwa nthawi yosacepera miyezi 12. Bungweli linanenanso kuti bvutoli limakhudza gawo locepa la osewera.

Magemu otere alibe mathero, motero palibe amene watsalira kweni-kweni. Munthu angasankhe nchito imodzi yogwirizana ndi nthawi imene ali nayo, monga malonda a pafupi-pafupi kapena kukumba miyala, n'kusiya zimene zili ndi tsiku lomalizira.

Amene magetsi kapena intaneti sizodalirika kwao angasankhenso magemu amene dziko lake limakhala m'kompyuta yao. Kerbal Space Program, imene inatuluka yathunthu mu April 2015, imaphunzitsa kumanga maroketi ndi kuwazungulitsa pulaneti potsatira malamulo a sayansi, ndipo siifuna intaneti posewera. Munthu akaizima, zonse zimaima kumudikira. No Man's Sky, ya mu August 2016, nayonso imaseweredwa popanda intaneti, ngakhale kuti kampani yake yaisintha kwambiri ndi zoonjezera zaulere, kotero kuti amene anaileka caka coyamba angaikayike poiona lero.

Thambo la ku Chipata

Pali cinthu cimodzi cimene wobwerera adzacipeza cosasintha, ndico malo a nyenyezi. Ndipo pa ici wosewera wa ku Chipata ali ndi mwai umene anzake ambiri a ku Ulaya alibe.

Alpha Centauri, kumene kuli Hutton Orbital m'gemu, ndi nyenyezi yeni-yeni, imodzi mwa ziwiri zowala zimene zimaloza ku gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda ca kum'mwera. Kuwala kwake kumayenda zaka zinai ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno, pamene pa caka cimodzi kuwala kumayenda makilomita pafupi-fupi matiriliyoni 9.5. Ku Britain, kumene gemuyi inapangidwa, nyenyeziyi siioneka konse. Ku Chipata imaoneka ndi maso.

Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kamene makolo anali kukadziwa bwino, ndi dera limene m'gemu zamoyo za Thargoid zinakhazikika pamene zinaonekeranso mu 2017. Pakati pa mlalang'amba, pamene pali malo ochedwa Sagittarius A* amene ofufuza a m'gemu amayenda milungu kuti akafikeko, pali pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupi-fupi 26,000. M'miyezi ya June, July ndi August, mbali imeneyo ya thambo imadutsa pafupi-fupi pamwamba pa mutu usiku m'Cigawo ca Kum'mawa. Munthu akacoka pa magetsi a mu mzinda n'kupita ca ku Mtenguleni kapena m'midzi ya m'mbali mwa mseu wa ku Lundazi, amaona mlalang'amba ngati mkwasa woyera wodula thambo pakati.

Kufanana kwa gemuyi ndi thambo leni-leni kunaonekera mu February 2017, pamene bungwe la NASA linalengeza za mapulaneti asanu ndi awiri ozungulira nyenyezi ya TRAPPIST-1. Kampani ya Frontier inapeza kuti kompyuta yake inali itaika kale gulu lofanana nalo pafupi ndi malo omwewo, ndipo inangolikonza kuti ligwirizane ndi zimene akatswiri anapeza.

Madzi saiwala khwawa, ndipo amene anakondapo maulendo amenewa nthawi zambiri amabwerera. Cofunika n'cakuti tsiku loyamba likhale loyendera munda: kuona akaunti, kuona ngongole, kuyesa mabatani, kuwerenga makirediti a inshuwalansi ndi kugulitsa zolemba zimene zili m'combo. Ulendo wautali ungayambe tsiku lotsatira.